Mawaya adutsa pamutu, nanga m'nyumba muli mdima bwanji?

Mukanyamuka pa Kamuzu Road ku Salima dzuwa litalowa n'kutsata msewu wa M5 wolowera ku Nkhotakota, mapolo a magetsi amakuperekezani mtunda wautali. Mukafika pamalo a malonda ngati pa Khombedza pamakhala powala: mababu m'magolosale, nyimbo zikuphulika pometera tsitsi, anyamata atathithikana m'kanyumba ka vidiyo kuonera mpira wa ku Ulaya. Galimoto ikangopitirira pang'ono, mdima wa ndiweyani. Kuwala kumene mumakuona apo ndi apo n'kwa tochi, kwa foni, kapena kwa kababu ka sola kolendewera pakhonde.

Azakhali anga amakhala m'mudzi wina wa m'dera lomweli. M'munda mwawo mwa chinangwa munazikidwa polo, ndipo mawaya atatu anadutsa pamwamba pa mtengo wa mango umene uli kuseri kwa nyumba. Tsiku lina tili pamkeka, iwo akusenda chinangwa choti akaviike, anandifunsa funso limene sindinaliyankhe bwino.

"Mwanawe, iwe unapita kusukulu, tandiuza. Mawaya awa adutsa pamutu panga zaka zonsezi, mbalame zimaterapo m'mawa uliwonse. Nanga ine ndiziyenda mtunda kukatchajitsa foni kumsika ngati magetsi ali ku Lilongwe?"

Ndinangoti, "Azakhali, amenewo ndi magetsi aakulu, sangalowe m'nyumba."

Anaseka, nati, "Ndiye abweretse aang'onowo."

Boma likalengeza kuti dera lakutilakuti lalandira magetsi, kawirikawiri limatanthauza kuti mawaya afika pamsika, pachipatala chaching'ono kapena pasekondale. Mayi wa m'mudzi akamati magetsi afika, amatanthauza kuti wadina pakhoma la nyumba yake, babu n'kuyaka. Pakati pa ziwirizi pali mamita ochepa chabe, koma ndi pamtunda waufupi umenewu pamene ndondomeko zathu zakhala zikupunthwa kwa zaka zoposa 40.

Kalembera wa anthu wa 2018 anapeza kuti nyumba 11 zokha pa 100 zilizonse m'dziko muno ndizo zinkaunikira ndi magetsi a mawaya. Kumidzi, kumene kumakhala anthu oposa 80 pa 100 alionse, zinali nyumba pafupifupi 4 pa 100. Nyumba zoposa theka zinkadalira matochi a mabatire. Koloboyi anali atatha kale m'midzi yambiri, ndipo amene anamuthamangitsa si ESCOM ayi, koma tochi yotchipa ya ku China ndi kukwera mtengo kwa palafini.

Basi, minibasi ndi kabaza

Kuti ndiwayankhe bwino azakhali, ndikanayamba ndi ulendo, poti magetsi amayenda ngati anthu apaulendo. Pali basi yaikulu yochoka ku Blantyre kupita ku Mzuzu, yosaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Amenewo ndi mawaya a pansanja zazitali zija, onyamula mphamvu ya 132 kV kapena 400 kV, monga amene anayalidwa kuchoka ku Phombeya ku Balaka kufika ku Nkhoma ndi ndalama za dziko la America. Basi imakatsitsa anthu kudepoti, ndipo depoti yathu ku Salima kuno ndi sabusiteshoni ya Nanjoka. Kuchoka apo ulendo ndi wa minibasi: mawaya a 33 kV kapena 11 kV, oyenda pamapolo a mitengo kulowera m'madera. Amene anadutsa m'munda wa azakhali ndi otere. Minibasiyo imaima pokhapokha pamene pali siteji, ndipo siteji yake ndi thiransifoma, chibokosi chija chimakhala pakati pa mapolo awiri. Ntchito yake n'kutsitsa mphamvu kufika pa 230 V, imene babu ndi wailesi zingapirire. Kuchoka pathiransifoma kufika pakhomo panu, umenewo ndi ulendo wa kabaza.

Kabaza sapita kutali. Magetsi otsitsidwa mphamvu amafooka akamayenda, moti akadutsa mamita mazana angapo babu limangonyezimira ngati chiphaniphani, ndipo chigayo sichingalire n'komwe. N'chifukwa chake mudzi umene uli pansi penipeni pa mawaya, koma thiransifoma ili makilomita awiri kapena atatu, uli kutali ndi magetsi chimodzimodzi mudzi wa kuphiri. Thiransifoma sitipanga kuno. Timaitanitsa kunja, ndi madola.

Izi zikufotokozanso chinthu chimene chimawawa anthu ambiri a ku Salima ndi Nkhotakota. Mu 2021 kampani ya JCM Power inatsegula munda waukulu wa masola ku Salima, wotulutsa mamegawati 60. Ku Nkhotakota nako kuli wina wa mamegawati 21 wa kampani ya Serengeti Energy. Munthu woyandikana ndi mpanda wa mindayi amafunsa kuti, dzuwa n'lathu, malo n'ngathu, nanga ife tikugona mumdima bwanji? Yankho lake n'lakuti makampaniwa sagulitsa magetsi kwa anthu. Amagulitsa onse kwa ESCOM pa mgwirizano wa zaka zambiri, ndipo magetsiwo amakwera basi yaikulu pomwepo n'kukasakanikirana ndi ochokera kumtsinje wa Shire. Kuti abwerere kumudzi woyandikana nawo, akufunika minibasi, siteji ndi kabaza, monga mudzi wina uliwonse. Yankholi n'loona, koma sindinganene kuti limakhutiritsa munthu amene amaona masola akunyezimira akamapita kudimba.

MAREP ndi ndalama zake

Ntchito ya boma yopititsa magetsi kumidzi, imene tonse timangoitchula kuti MAREP, inayamba mu 1980. Poyamba inali m'manja mwa ESCOM, yomwe inkagwiritsa ntchito ndalama zake ndi za mayiko othandiza. Koma ESCOM ndi kampani yoyenera kudzipezera ndalama, ndipo masamu a kumudzi sakoma kwa wabizinesi. Kilomita imodzi ya waya ku Kawale imadutsa makomo mazanamazana, ena ali ndi mafiriji, masitovu ndi zositira. Kilomita yomweyo kwa Mwansambo ingadutse makomo owerengeka pazala, kwinako minda yokhayokha, ndipo khomo lililonse lili ndi mababu awiri, wailesi ndi foni. Ndalama zimene khomo lotere limalipira pamwezi sizingabweze mtengo wa mapolo ndi mawaya ngakhale patapita zaka zambiri. Ukasiyira msika wokha, magetsi amathera m'tauni.

Mu 1995 boma linatenga udindowu n'kuupereka kunthambi yake yoona za mphamvu. Kusintha kwakukulu kunadza mu 2004, pamene Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo atsopano okhudza magetsi ndi mafuta. Limodzi mwa malamulowo linabala MERA, bungwe loyang'anira mitengo ndi ziphaso. Lina linali la magetsi a kumidzi, ndipo linakhazikitsa thumba lapadera pamodzi ndi komiti yoyendetsa ntchitoyi. M'thumbamo mumalowa kamsonkho kodulidwa pa mafuta a galimoto ndi magetsi ogulitsidwa m'dziko muno.

Apa pali mfundo imene ndimafuna munthu aliyense wa kumudzi ataidziwa. Ndalama za MAREP si mphatso ya phungu, kapena ya chipani chilichonse. Mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto akathira petulo ku Salima, waponyamo. Mwini boti la injini ku Senga Bay kapena ku Chia waponyamo. Mayi wokwera minibasi kupita kuchipatala waponyamo kudzera m'mtengo wa ulendo, ngakhale iye sanayatsepo babu m'nyumba mwake. Mapolo akamatsitsidwa m'lole chaka cha chisankho, nthungululu zili m'malo, koma wogula mapolowo ndi omwe akuimba nthungululuwo.

Ntchitoyi imayenda m'magawo, ndipo zaka zaposachedwazi takhala tikumva za MAREP 8 ndi MAREP 9. Maina a malo amachokera m'maboma, akatswiri amayeza mtunda ndi kufunika kwake, boma limalemba makontilakitala oimika mapolo ndi kukoka mawaya, ndipo ntchito ikatha ESCOM ndiyo imayendetsa ndi kugulitsa magetsiwo. Pulani yaikulu imene inakonzedwa ndi thandizo la dziko la Japan kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 inaika patsogolo malo a malonda ndi malo othandizira anthu ambiri. Maganizo amenewa sindikuwatsutsa. Ndalama zikakhala zochepa, n'kwanzeru kuyamba ndi firiji yosungira katemera, chipinda chochirira amayi kuti namwino asamaunikire ndi foni italumidwa kukamwa, sekondale yoyendera kuti ana a Folomu 4 aziwerenga madzulo, ndi chigayo chothandiza midzi khumi. Vuto linabwera powerenga zipatso. Kwa zaka zambiri tinkawerenga malo amene afikiridwa, osati makomo amene ayatsa. Malo angathe kulembedwa m'buku kuti ali ndi magetsi pamene olumikizidwa ndi eni magolosale angapo ndi nyumba za aphunzitsi basi.

Kuchedwa kwa ntchito nakonso kuli ndi gwero lodziwika. Kamsonkho kamatoleredwa m'makwacha, koma mawaya, mathiransifoma ndi mamita zimagulidwa m'madola. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, thumba lomwe lija linayamba kugula zipangizo zochepa kwambiri. Onjezanipo kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki, mumvetsa chifukwa chake mapolo amatha kuima miyezi yambiri opanda waya, mpaka chiswe kuyamba kuwayendera ndi moto wolusa wa osaka mbewa kuwanyambita kutsinde.

Mamita omaliza

Tiyerekeze kuti zonse zayenda bwino, thiransifoma yaikidwa pafupi ndi kwanu. Kodi babu liyaka mawa? Ayi. Nyumba iyenera kuyalidwa mawaya mkati ndi munthu wodziwa ntchitoyo, wokhala ndi chiphaso. Pakufunika mawaya, mapaipi, masoketi, bokosi la mafyuzi ndi chitsulo chokhomera pansi choteteza anthu kuti asagwidwe ndi magetsi. Kenako mukalembetse, ntchitoyo iyenderedwe, mulipire ndalama yolumikizira, n'kudikira mita. Kwa munthu wa pamalipiro a pamwezi zimenezi n'zopirika. Kwa mlimi wa mpunga ku Lifuwu kapena wa chinangwa ku Nkhotakota, amene ndalama yooneka amaigwira kamodzi pachaka ndipo feteleza, fizi ndi malata zikuidikira kale, ndi phiri. Ambiri angakwanitse kugula mayunitsi pang'onopang'ono, monga amagulira mabatire a tochi ndi kulipira potchajitsa foni. Chimene chimawalepheretsa ndi ndalama yoyambira ija, yofunika yonse nthawi imodzi. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo magetsi a papolo ya pakhomo ndi fodya wapachala.

Boma ndi ESCOM anazindikira zimenezi, ngakhale mochedwa. Ndondomeko ya Ndawala inabwera kuti mabanja osapeza bwino aziyaliridwa mawaya pangongole, ngongoleyo n'kumadulidwa pang'onopang'ono akamagula mayunitsi. Palinso kabolodi kobwera katalumikizidwa kale, kokhala ndi soketi ndi poika babu, kongokhomera pakhoma, kuti nyumba ya chipinda chimodzi kapena ziwiri isafune kuboola makoma. Mita yolipiriratu nayonso inathandiza, chifukwa munthu amagula magetsi a ndalama imene ali nayo kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, popanda kuopa bilu yodzidzimutsa pakutha pa mwezi.

Mu 2019 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza madola 150 miliyoni a ntchito yotchedwa MEAP. Kusiyana kwake ndi MAREP n'kofunika kukumvetsa. MAREP imatalikitsa mawaya kupita kumene kulibe. MEAP inayang'ana kwambiri makomo amene ali kale pafupi ndi mathiransifoma koma sanalumikizidwe, ndipo cholinga chake chinali kulumikiza makomo 280,000. Mwa mawu ena, ina imatsegula msewu wa minibasi, ina imalipira kabaza. Kwa ine, iyi ndiyo inali nthawi yoyamba imene ndondomeko yaikulu inayamba kuwerenga zitseko m'malo mowerenga misika. Makomo oyandikana ndi thiransifoma ndiwo otchipa kuwalumikiza, choncho kwacha iliyonse imayatsa mababu ambiri. Koma choipa chake n'choonekeratu: amene ali pafupi ndiwo amayamba kudya, ndipo ambiri mwa iwo ali m'matauni ndi m'mphepete mwa misewu ya tala. Azakhali anga, amene waya uli pamutu koma thiransifoma ili kutali, sagwera mbali iliyonse.

Palinso mliri wina umene sitingauimbe mlandu boma. Mathiransifoma amabedwa mafuta ndi kopa wa mkati, ndipo ikaonongeka imodzi, dera lonse limabwerera mumdima kwa nthawi yaitali, poti yolowa m'malo mwake ikuyenera kupikisana ndi ya mudzi wina umene sunaonepo magetsi. Akuba otere sachokera kumwamba. Pamafunika wina wodziwa njira, wodziwa kuti agalu a pamudzi amagona kuti.

Magetsiwo alipo okwanira?

Kukoka mawaya n'kumodzi, kukhala ndi choyendamo n'kwina. Kuyambira mu 2017, ntchito yopanga magetsi inachotsedwa ku ESCOM n'kupatsidwa kwa kampani ina ya boma ya EGENCO, ndipo ESCOM inatsala ndi kunyamula ndi kugulitsa. Magetsi ambiri a EGENCO amachokera pamtsinje umodzi wokha, Shire: ku Nkula, kumene makina oyamba anayamba kuzungulira mu 1966, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Kumpoto kuli kamalo kakang'ono ka Wovwe ku Karonga.

Ife a kunyanja tiyenera kudziwa kuti nkhokwe ya magetsi amenewa ili pakhomo pathu. Shire amatuluka m'nyanja ya Malawi, ndipo madzi amene Linthipe, Bua ndi Dwangwa amathira m'nyanjamo ndi omwewo amakazunguza makina ku Nkula. Nyanja ikatsika, monga zinachitikira mu 2016 ndi 2017 mvula itavuta, magetsi amazima maola ochuluka patsiku, moti dziko linafika pobwereka majenereta a dizilo odula kwambiri. Akuluakulu a mbiri amatikumbutsa kuti kuyambira cha m'ma 1915 mpaka m'zaka za m'ma 1930 nyanja inatsika kwambiri mwakuti Shire anasiya kutulutsa madzi. Madzi akachuluka nakonso ndi tsoka: mu January 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira, ndipo mamegawati pafupifupi 130, gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi athu a m'madzi, anasowa kwa nthawi yoposa chaka. Pakati pa chilala ndi chigumula pali matope ochokera m'mapiri ometedwa mitengo ndi namasupuni wotseka makina.

Masola a ku Salima ndi Nkhotakota amathandiza masana, koma nthawi imene dziko lonse limafuna magetsi kwambiri ndi madzulo, dzuwa litapita. N'chifukwa chake munda wa masola wa mamegawati 20 wa ku Golomoti ku Dedza unamangidwa ndi mabatire osungira mphamvu. Chiyembekezo china chinaikidwa pa mawaya olumikiza dziko lino ndi Mozambique kuchokera ku Tete, ndi pulani yomanga damu latsopano la Mpatamanga pa Shire yemweyo. Mpaka magetsi atachuluka, khomo lililonse latsopano limatanthauza kugawana nsima yomweyo anthu ochuluka, ndipo magetsi akayamba kugawidwa mosinthanasinthana, wa kumudzi amene wangolumikizidwa kumene amazimitsidwa limodzi ndi wa m'tauni.

Njira zosadikira polo

Pali midzi imene, kunena zoona, mawaya sadzafikako m'zaka khumi zikubwerazi: ya m'mphepete mwa nkhalango ya Nkhotakota, ya kumapiri, ya makomo otalikirana. Ndondomeko ya dziko ya za mphamvu ya 2018 inavomereza poyera kuti mawaya a ESCOM okha sangafikire aliyense, ndipo inatsegula khomo la njira zina ziwiri.

Yoyamba ndi sola ya pakhomo: kapanelo padenga, batire, mababu atatu kapena anayi, potchajira foni, mwina ndi wailesi kapena kanema. Makampani angapo amagulitsa zimenezi pangongole yolipira pafoni. Ukalipira imayaka, ukaphonya imadzitseka yokha mpaka utalipiranso, ndipo ukamaliza ngongole imakhala yako. Pansi pa MEAP boma linakhazikitsa thumba la Ngwee Ngwee Ngwee, lopereka ngongole ndi thandizo kwa makampani otere kuti afike kumidzi ndi kutsitsa mtengo. Dzina lokhalo linasankhidwa ndi munthu wodziwa Chichewa. Mwa njira zonse, iyi ndiyo yafikira makomo ambiri mwachangu, poti sidikira kontilakitala kapena thiransifoma. Munthu amabwera nayo panjinga, n'kuikhoma tsiku lomwelo.

Koma walira mvula walira matope. Miyezi ya January ndi February, pamene nkhokwe zapepuka ndipo ndalama iliyonse ikupita ku chimanga, ndi pamene mabanja ambiri amalephera kulipira, sola n'kutseka. Batire limatha pakapita zaka zingapo, ndipo wolikonza sapezeka pafupi. M'misika mwadzazanso mapanelo ndi mabatire achinyengo, olembedwa mphamvu imene alibe, ndipo munthu akapsa kamodzi amauza mudzi wonse kuti sola n'njabodza.

Njira yachiwiri ndi kagiridi kakang'ono ka mudzi, kokhala ndi popangira magetsi pakepake ndi mawaya ake, kosalumikizana ndi ESCOM. Ku Bondo ku Mulanje kuli kotere koyendera madzi a mumtsinje wa Lichenya, ndipo kwa Sitolo ku Mchinji kuli koyendera dzuwa. Magetsi ake ndi amphamvu kuposa a sola ya pakhomo, moti angathe kuyendetsa firiji ndi makina ena. Chovuta n'chakuti mtengo wa yunitsi umakhala wokwera kuposa wa ESCOM, chifukwa makasitomala ochepa ndiwo amasenza mtengo wonse wa zipangizo. Woika ndalama zake amakhalanso ndi nkhawa imodzi: nanga MAREP ikadzafika pamudzi pomwepo patapita zaka zitatu ndi magetsi otchipa, iye adzatani ndi mawaya ake? Apa m'pamene boma liyenera kunena momveka bwino kuti uku tidzafikako ndi mawaya chaka chakuti, uku sitidzafikako msanga. Wandale sakonda kunena chiganizo chachiwiricho pamsonkhano.

Babu lokha silibweza ngongole

Pa zonsezi, chimene ndimaona kuti sichikambidwa mokwanira ndi ntchito imene magetsiwo akagwire akafika. Kuunikira n'kwabwino, mwana amawerenga, njoka imaoneka pakhomo. Koma babu silibweretsa ndalama m'nyumba, ndipo silibweretsa ndalama zokwanira kwa wogulitsa magetsi kuti azikonza mawaya akaduka. Chimene chimasunga waya wa kumudzi kuti ukhale wamoyo ndi makina: chigayo, makina opunthira mpunga, owotcherera mafelemu a zitseko ndi ngolo, pampu yothirira mbewu, firiji.

Salima ndi Nkhotakota ali ndi mwayi umene maboma ena alibe. Taonani padoko m'mawa, mabwato akamakocheza. Nsomba yaiwisi ili ndi maola ochepa isanayambe kuonongeka, ndipo wogula wochokera ku Lilongwe amadziwa zimenezo. Amangoima chapatali, manja m'thumba, kudikira kuti dzuwa likwere ndi mtengo utsike. Pakanakhala makina opangira ayezi padoko lililonse lalikulu, msodzi akanatha kunena kuti ayi, ndigulitsa mawa. M'malo mwake nsomba zambiri zimawambidwa ndi nkhuni, kapena kuyanikidwa pathandala pamene mvula ikangogwa masiku awiri usipa wonse waola. Chimodzimodzi mpunga wa ku Lifuwu ndi wa ku Bua: wogulitsidwa wosapuntha umapita motchipa, phindu n'kukadyedwa ndi mwini makina wa m'tauni. Ku Dwangwa, fakitale ya shuga imadzipangira magetsi ndi zotsalira za nzimbe, umboni wakuti pamene pali ntchito yolipira, magetsi amapezeka njira.

Makina ambiri otere amafuna magetsi a mawaya atatu, amene amisiri amati three phase, ndi thiransifoma ya mphamvu zokwanira. Amafunanso mpamba. Mnyamata amene anaphunzira kuwotcherera zitsulo angakhale ndi polo pakhomo, koma ngati palibe womubwereka ndalama yogulira makina, adzangotsegula potchajira mafoni pafupi ndi anzake atatu ochita zomwezo. Unduna woona za magetsi umaimika mapolo, koma ngongole za mabizinesi ang'onoang'ono, ulimi wothirira ndi usodzi zili m'maunduna ena, ndipo kawirikawiri safika pamudzi tsiku limodzi.

Tisadzinamizenso kuti magetsi akafika nkhalango zipuma. Kalembera yemwe uja wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 2 zokha pa 100 zinkaphikira magetsi. Ngakhale m'tauni, nyumba zokhala ndi mita zimaphika nyemba pambaula, ndipo matumba a makala ochokera ku Thuma ndi nkhalango zina amapitabe kumene kuli magetsi kale. Sola ya pakhomo singaphike nsima, ndipo kabolodi kokhomera pakhoma kaja sikanapangidwire sitovu yaikulu. Nkhani ya moto wophikira ndi mlandu wina, wofuna tsiku lake.

Ulendo wapitawu ndinapeza azakhali atagula kasola ka pangongole. Kapanelo kali padenga, kotsamiritsidwa ndi njerwa ziwiri kuti mwera usakaulutse. Babu limodzi lili pabalaza, lina kuchipinda, lachitatu pakhonde, pamene adzukulu awo ndi ana a oyandikana nawo amaunjikana ndi makope awo madzulo. Pawindo panali mafoni anayi a eni ake, akutchajidwa pa kandalama kochepa kamene azakhali amasonkhanitsa m'kachitini kuti alipirire ngongole. Polo ija ikadali m'munda, mpheta zili ndandanda pawaya.

Ndinawafunsa ngati tsopano mtima wakhala pansi. Analoza thumba la makaka limene linali pakhomo, lodikira wa njinga kuti apite nalo kuchigayo cha dizilo, chimene chinali chitaima masiku atatu chifukwa chosowa mafuta.

"Kuwala ndakuona, mwanawe," anatero. "Koma ukapita uko ukawafunse ngati kasola aka kangagaye makaka."